Amalume, @ wanu sanasowe

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona m'gulumu, koma kulemba zonse kunditengera nthawi, ndiye ndingolankhula. Mwati munatseka tab mwangozi pa Chrome, mwadina Ctrl, Shift ndi T monga anakuuzirani achemwali, tab ija osabwera, ndipo kuyambira pamenepo mukafuna kulemba @ pakumatuluka timizere tiwiri tam'mwamba tija. Mtima m'malo, laputopu sinawonongeke. Ine ndikuona ngati mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Paja inu mumadina ndi chala chimodzi, eti? Ndinakuonani tsiku lija, batani lililonse palokha, mwaulemu. Ndiye apa ndi pamene pagona nkhani. Mabatani atatu aja amafuna agwidwe limodzi. Mukagwira Ctrl ndi Shift kenako n'kuwasiya T asanadinidwe, Chrome siimva kanthu. Amene wamva ndi Windows, chifukwa kwa iyeyo Ctrl ndi Shift paokha amatanthauza kuti sintha kiyibodi. Ngati m'makinamo muli makiyibodi awiri, ya ku Britain ndi ya ku America, imangodumpha kuchoka pa ina kupita pa inzake mwakachetechete. Pa ya ku America, Shift ndi 2 amatulutsa @. Pa ya ku Britain, Shift ndi 2 yemweyo amatulutsa timizere tija, @ amakhala atasamukira kumanja, pafupi ndi Enter. Ndiye sanasowe, wangosamuka.

Tayang'anani pansi kumanja, pafupi ndi wotchi. Pali timalemba takuti ENG, pansi pake UK kapena US. Gwirani batani la Windows lija, la chizindikiro cha zenera, mudine Space, batani lalitali lija. Muona zikusintha. Yesaninso Shift ndi 2.

Tsopano za tab. Dzanja lamanzere ligwire Ctrl ndi Shift, osasiya, osasiya ndithu, lamanja ligogode T kamodzi, kenako musiye onse. Mukagogodanso kachiwiri imabweza ina imene munatseka m'mbuyo mwake, imapita choncho chobwerera. Aa, koma ngati munali pa Incognito, zenera lakuda lija, iwalani, kumeneko Chrome siisunga zimene mwatseka.

Zikakanikabe, tisayambe kuimba mlandu Chrome tisanafufuze. Pitani pamwamba pomwe pamandanda ma tab, pamalo opanda kanthu, mudine batani lakumanja la mausi, musankhe Reopen closed tab. Ikabwera, ndiye kuti Chrome ili bwino, vuto lili pa mabatani. Yesani Ctrl ndi Shift akumanja, pajatu alipo awiriawiri. Ine zinandichitikirapo, ndinataya madzulo onse ndikuchotsa mapulogalamu, kumapeto n'kupeza kuti pansi pa Ctrl wakumanzere panalowa kachitsotso, batani silimafika pansi. Manyazi ake!

China, mukapanikiza Shift kasanu motsatizana pamatuluka kabokosi ka Sticky Keys, n'kulira kuti pii. Ambiri timangokana, koma kwa inu mwina kangathandize, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo, yolola munthu kudina mabataniwa limodzilimodzi, osawagwira pamodzi. Zili kwa inu.

Kuti za @ zisabwerenso, dinani Start mulembe Advanced keyboard settings, mulowe pa Input language hot keys, kenako Change Key Sequence, musankhe Not Assigned mbali zonse ziwiri. Kapena ngati zimenezo zachuluka, zisiyeni, ndidzakukonzerani ndikabwera, ndi kanthu ka mphindi ziwiri.

Tsamba lija ngati mukulifuna lero lomwe, dinani Ctrl ndi H, mulipeza mu History, lili cha pamwamba. Mundiuze mukayesa. Muwapatse moni azakhali.