Kokaonetsa bambo anu mizinga yakale ku Cape Town

Achemwali, mwati bambo anu akubwera kuchokera ku Zomba kudzakuonani, anali msilikali koma anapuma, ndipo akufuna kuona malinga ndi mizinga imene inkalondera doko la Cape Town. Mwatinso kuntchito akupatsani masiku awiri okha ndipo m'thumba simuli bwino. Anzathu ambiri pano akuuzani kuti Castle, linga lakale la pakati pa tauni, basi. Castle mupiteko ndithu, koma ikhale yachiwiri. Yambirani kumtunda, ku Signal Hill, kumene kuli mzinga umene timaumva tonse m'tauni 12 koloko ikakwana, wotchedwa Noon Gun.

Linga la m'mbali mwa nyanja silimveka bwino munthu asanaone madzi amene linkalondera. Mzingawu uli pamalo otchedwa Lion Battery, ndipo mukaona mawu oti Battery pamapu a kuno dziwani kuti akunena malo amene anakhazikapo mizinga ingapo pamodzi. Mukaima pamenepo Table Bay yonse ili pamaso panu: doko pansi, Robben Island chapakati, gombe la Blouberg kutsidya. Munthu amene anagwirapo mfuti sadzafuna womufotokozera. Adzayamba yekha kuloza kumene sitima ya adani ikanalowera ndi kumene ikanaomberedwa.

Mizinga yake ndi iwiri, yothirira wonga kukamwa, yopangidwa mu 1794, ndipo ikugwirabe ntchito. Tsiku lililonse loomba, asilikali apamadzi amaikonza yonse iwiri kuti wina ukakana winawo ulire. Mwambo woomba mzinga wodziwitsa nthawi unayamba mu 1806, ndipo anausamutsira kuphiriko mu 1902. Cholinga chinali choti oyendetsa sitima azikonza mawotchi awo, poti panyanja wotchi ikangolakwa pang'ono munthu amasochera. Iwo sankadikira kulira kwake, ankayang'ana utsi, chifukwa phokoso limatenga masekondi pafupifupi atatu kuti liyende kilomita imodzi. Kulowa n'kwaulere. Fikani cha m'ma 11:30 kuti muone akuthira wonga ndi kumva msilikali akufotokoza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukhulupirira kuti chidzawakhudza madala. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, anthu a ku Cape Town ankaima chete mzingawu ukalira, kukumbukira ana awo amene anali kunkhondo. Chaka chotsatira Sir Percy FitzPatrick, wandale wa ku South Africa, anapereka ganizoli kwa mfumu ya ku Britain, George V, ndipo pamenepo ndi pamene panachokera mphindi ziwiri zokhala chete za mwezi wa November. Bambo anu mphindi zimenezo aziimapo kangapo ku Zomba atavala yunifolomu. Auzeni zimenezi mzinga usanalire.

Njira yake samalani nayo. Msewu waukulu wopita pamwamba pa Signal Hill sufika pamzingapo. Ine ulendo woyamba ndinakwera umenewo, ndinangomva kulira kuchokera kumunsi osaona kanthu. Dzerani kudera la Bo-Kaap, mutsate Military Road. Chitunda chake n'choopsa kwa munthu wamkulu, ndiye apa pokha musaumire, tengani galimoto.

Mukatsika, masana ake ndiwo a Castle of Good Hope, yomwe ili pafupi ndi siteshoni ya sitima yapamtunda ndi bwalo la Grand Parade. Kampani ya Adatchi inamanga lingali kuyambira mu 1666 mpaka 1679, ndi manja a asilikali, amalinyero ndi akapolo. Lili ndi nsonga zisanu ngati nyenyezi, kuti aliyense wofika pakhoma lina aziombedwa kuchokera pansonga ina. Lero likuoneka ngati lili pakati pa tauni, koma kale mafunde ankafika pakhoma, moti chipata choyamba, chimene chinayang'ana kunyanja, anachita kuchisuntha. Nyanja anaikankha pokwirira m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Ngakhale dzina la Strand Street likutanthauza msewu wa kugombe. Pakhomo amalipiritsa koma si zambiri. Musatuluke musanaone chipinda chamdima chotsekeramo akaidi, Donker Gat, ndipo kumbukirani kuti mfumu ya Azulu, Cetshwayo, inasungidwa m'lingali itagonjetsedwa mu 1879.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti lingali silinaukiridwepo. Angerezi analanda Cape kawiri konse osaliyandikira. Mu 1795 anatsikira kumwera, ku Simon's Town, n'kugonjetsa Adatchi ku Muizenberg. Mu January 1806 anatsikira kumpoto, nkhondo n'kukachitikira ku Blaauwberg, gombe lomwe lija mudzakhala mutaliona m'mawa muli paphiri. Mizinga inayang'ana khomo lakumaso, mdani anadzera kuseri. N'chifukwa chake ndikuti muyambe kumtunda, kuti nkhaniyi bambo akaione ndi maso asanaimve.

Tsiku lachiwiri ndikanasankha Simon's Town, makamaka poti munafunsanso za mabomba otchera m'madzi. Zimenezi n'zovuta kuziona pamalo pake, chifukwa zinali pansi pa nyanja ndipo anazizula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Koma ku South African Naval Museum, mumsewu waukulu wa tauniyo, mukaona mabombawo ndi zida za asilikali apamadzi. Analipo a mitundu iwiri. Ena ankangosiyidwa m'njira ya sitima kuti iliyonse yowagunda iphulike, ngati 92 amene sitima ya Ajeremani, Atlantis, inatchera kufupi ndi Cape Agulhas mu May 1940. Ena anali oteteza doko, ndipo awa ndiwo anali anzeru. Ankawamangirira pansi pa madzi m'mizere, n'kuwalumikiza ndi nthambo zamagetsi zofika m'kanyumba ka kumtunda. Nthambo zina zoyalidwa pansi pa nyanja zinkasonyeza chitsulo chachikulu chikamadutsa pamwamba pake, ngakhale sitima yoyenda pansi pa madzi imene maso sakuiona. Sitima za kwawo zinkadutsa bwinobwino. Ya mdani, mlonda ankadikira ifike pamzere n'kutsegula magetsi. Khomo la Saldanha Bay, kumpoto kwa Cape Town, linatchingidwa motere pankhondo yachiwiri, ndipo ena mwa alondawo anali azimayi a gulu lotchedwa SWANS. Mantha ake sanali opanda pake, poti mu October 1942 sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinamiza sitima zambiri zamalonda pafupi ndi Cape Town.

Ku Simon's Town komweko, kumtunda kwa tauni, kuli Middle North Battery ndi Scala Battery. Amenewa ndi malo a asilikali, choncho funsani kumyuziyamu ngati n'kotheka kufikako tsikulo.

Za Robben Island ndinene mosabisa. Kuli mizinga ikuluikulu ya mainchesi 9.2 ya nkhondo yachiwiri, imene chipolopolo chake chimodzi chinkalemera makilogalamu oposa 170. Koma ulendo wa kumeneko ndi wa ndende ndi Nelson Mandela, basi imangodutsa pafupi ndi mizingayo, mtengo wa anthu akunja ndi wokwera, ndipo mphepo ikakula boti silinyamuka. Ngati bambo akufuna kuona ndendeyo, pitani, n'koyenera. Ngati n'chifukwa cha mizinga yokha, ndalamayo isungeni.

Simunanene kumene mukukhala. Ngati ndi ku Hout Bay, monga abale athu ambiri a ku Imizamo Yethu, muli ndi mwayi pakhomo: East Fort, koyambirira kwa Chapman's Peak Drive, yomangidwa m'zaka za m'ma 1780. Mizinga ya m'gombe limeneli inaombadi sitima ya Angerezi, HMS Echo, mu September 1795, n'kuibweza. Mungapiteko madzulo aliwonse mukaweruka, osadya masiku anu awiri aja.

Posankha masikuwo dziwani kuti Noon Gun silira Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Bambo muwatengere jekete ngakhale kutacha bwino, paphiripo mphepo imawomba kwambiri, ndipo ngati makutu amawavuta aime chapatali kumene asilikaliwo adzakulozereni.