Mwana wasankhidwira ku yunivesite: laputopu ndi yofunikadi?

Bambo wina walemba kuti mwana wawo wasankhidwira ku MUBAS ndipo akuumirira kuti amugulire laputopu, chikhalirecho ali kale ndi foni ya intaneti. Ndalama n'zochepa. Agule kapena ayi?

Bambo, mugulireni, koma sikuti ichite kukhala yatsopano. Foni ndi yabwino polandirira manotsi pa WhatsApp, koma kulembapo asayimenti ya masamba 15 yokhala ndi matebulo n'kudzizunza, ndipo mapulogalamu ngati SPSS, yosanthulira ziwerengero za kafukufuku, pafoni salowa. Makompyuta apasukulu alipo, kungoti amalimbiranidwa sabata imene aliyense akuthamangira kupereka ntchito.

Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kumumalizitsa sukulu ngati mwasankha bwino. RAM, imene imathandiza laputopu kuyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi, isachepere 8GB, ndipo ngati akukachita engineering, 16GB ndiye yabwino. Mosungira mafayilo mukhale mwa mtundu wa SSD ya 256GB, osati hard disk yakale ija, imene imachedwa komanso sichedwa kufa laputopu ikagwa. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa laputopu, ikhale Core i5 ya 8th generation kapena yatsopano kuposa apo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo mapurosesa ambiri akale savomerezedwa pa Windows 11, imene inalowa m'malo mwake.

Pamene ambiri amapusitsidwira ndi pa batire. Wogulitsa amakuonetsani ili pachaja, inu n'kukazindikira muli kunyumba kuti imathima akangoizula. Zulani chajayo iye akuona, muike vidiyo kwa mphindi 20. Batire likatsika ndi 20% kapena kuposa, isiyeni kapena akuchotsereni mtengo wa batire latsopano. Ndi kuthimathima kwa magetsiku, laputopu yosasunga moto ilibe phindu kwa mwana wasukulu. Dinaninso mabatani onse, yesani poika fulashi, kamera ndi Wi-Fi. Risiti ikhale ndi serial number, nambala yapadera ya laputopuyo, popeza zakuba zimagulitsidwanso m'misika yomweyi.

Mukagula, musaumire pogula surge protector, kachipangizo koteteza zinthu ku mphamvu yochuluka ya magetsi: magetsi akamabwerera ndi mphamvu amaotcha chaja, nthawi zina ndi laputopu yomwe. Mwanayo akamalumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni, atchere intanetiyo kuti ikhale metered connection, kutanthauza ya bandulo yochepa, apo ayi Windows iyamba kudzikonza yokha n'kumaliza bandulo usiku umodzi. Fulashi imene yazungulira kopurintitsa imabwera ndi mavayirasi obisa mafayilo, choncho ntchito iliyonse yofunika azidzitumizira pa imelo kapena kuisunga pa Google Drive tsiku lomwelo.

Inunso ophunzira, musadikire kuti sukulu itsegulidwe. Tsiku lililonse patulani theka la ola kuphunzira kutayipa ndi zala zonse osayang'ana mabatani. Dziwaninso kuika manambala a masamba ndi mitu mu Word, kuwonkhetsa ndi kupeza avereji mu Excel, ndi kusandutsa fayilo kukhala PDF, chifukwa aphunzitsi ambiri a ku yunivesite amangoyembekeza kuti izi mukuzidziwa kale.