Titaniyamu kapena aluminiyamu? Yambani mwawerengera ngongole yogulira mapaipiwo

"Ndine mmisiri wowotcherera zitsulo ku Chinamwali, ndipo ndimapanga mageti ndi mafelemu a zitseko. Chifukwa cha ngozi za njinga zamoto za kabaza, anthu ambiri amandifunsa ngati ndingawapangire ndodo zoyendera munthu akathyoka mwendo. Ndikufuna kupanga mapeyala 50. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti angathe kunditumizira mapaipi a titaniyamu, omwe akuti ndi olimba kuposa aluminiyamu ndipo sachita dzimbiri. Ndapeza wondikongoza K2,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi, chikole chake makina anga owotcherera. Kodi ndisankhe chitsulo chiti?"

Bambo, gulani aluminiyamu. Funso limenelo ndi lopepuka, ndipo ndikupatsani zifukwa zake, koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi makina anu amene mukufuna kukawasiya m'manja mwa wakatapila musanapeze wogula ngakhale mmodzi.

Mlamu wanu sananame kuti titaniyamu ndi wolimba, pakuti mtundu wake wotchedwa Grade 5 umaposa mtundu wolimba wa aluminiyamu wotchedwa 6061-T6 pafupifupi katatu. Komabe sanakuuzeni kuti ndi wolemera kuposa aluminiyamu: chidutswa chokula ngati lita imodzi chimalemera makilogalamu 4.5, pamene cha aluminiyamu chimalemera 2.7. Mukagula mapaipi ofanana kukula, a titaniyamu mudzalipira makilogalamu ochuluka, ndipo kilogalamu iliyonse pa mtengo umene nthawi zambiri umafika kakhumi poyerekeza ndi wa aluminiyamu. Kulimba konseko kumafunika m'ndege ndi pa zitsulo zimene madokotala amaika m'thupi kuti zigwire mafupa. Ndodo ntchito yake ndi kunyamula munthu mmodzi kwa miyezi ingapo, ndipo paipi yabwino ya aluminiyamu imakwanitsa zimenezo ikulemera pafupifupi theka la kilogalamu. Nawonso aluminiyamu sachita dzimbiri ngati chitsulo cha mageti.

Ndiye pali nkhani ya shopu yanu. Titaniyamu akatentha amayamwa mpweya wamba ndipo pamalo powotchererapo pamakhala posachedwa kuthyoka, choncho amafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi mpweya wotchedwa argon wophimba paipi kunja ndi m'kati momwe kuti mpweya wamba usafikepo. Makina wamba owotcherera amene mumapangira mageti sangagwire ntchito imeneyi. Ngakhale kuboola kumene ndi vuto, chifukwa titaniyamu satulutsa kutentha msanga, kotero moto wonse umatsalira pa chobooleracho mpaka chimabuntha, pamene ndodo iliyonse imafuna mzere wa mabowo kuti italikitsidwe kapena kufupikitsidwa molingana ndi msinkhu wa wodwala. Aluminiyamu amadulidwa ndi sowo wamba, amabooledwa mosavuta, ndipo ndodo yonse ingathe kumangidwa ndi mabawuti ndi mariveti. Ndikukulangizani kuti musamuwotcherere n'komwe, popeza 6061-T6 amafooka pamalo pamene papsa. Pogula, funsani mtundu wa paipi ndi kukhuthala kwake, ndipo musalole kuti akugulitseni mapaipi opachikapo makatani.

Mwina mwamva kuti mchenga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi dothi la ku Kasiya zili ndi miyala yopangira titaniyamu, komanso kuti pa phiri la Mulanje pali dothi lopangira aluminiyamu. Zimenezo ndi zoona, koma kuno kulibe fakitale yoyenga zitsulo ziwirizi, choncho paipi iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aluminiyamu mungathe kumufunafuna kwa ogulitsa zitsulo ku Limbe ndi ku Blantyre, n'kugula wochepa pa mtengo wa makwacha umene mwauona ndi maso. Titaniyamu adzadalira mlamu, basi yochokera ku Johannesburg, msonkho wa pachipata ndi mtengo wa randi wa tsiku limenelo, ndipo paipi imodzi ikawonongeka poboola simudzaipeza ina mu Zomba muno.

Tsopano tiwerengere ngongole, chifukwa ndi pamene pagona imfa ya bizinesi yanu. Chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa K2,000,000 ndi K600,000 mwezi uliwonse. Tinene kuti katundu watenga mwezi umodzi kuti afike, mwezi wachiwiri mukupanga pakati pa kuthima kwa magetsi, ndipo wachitatu mwayamba kugulitsa. Pamenepo chiwongoladzanja chokha chafika K1,800,000, ndipo mukachigawa pa mapeyala 50, peyala iliyonse yasenza K36,000 ya wakatapila musanawerengere paipi, zogwirira, mphira wa pansi, magetsi ndi thukuta lanu. Mukalephera kulipira mwezi ndi mwezi, iye n'kumaunjika chiwongoladzanja pamwamba pa ngongole monga amachitira ambiri, pakutha pa miyezi itatu adzakuitanitsani pafupifupi K4,400,000. Ndiuzeni, bambo, ndi ndani wotuluka m'chipatala ndi mwendo wa pulasitala, amene wakhala milungu osagwira ntchito, adzalipire mtengo wokwanira kubweza zonsezo? Pafupi naye pali kalipentala amene angamupangire ndodo zamatabwa, ndipo m'mafamase muli ndodo za aluminiyamu zochokera kunja.

Ndimawadziwa bwino akatapila. Munthu wokongoza pa 30 peresenti sanafunse kuti mudzagulitsa kwa yani, sanafunse mtengo wa peyala imodzi, ndipo sanapemphe kuona kope lanu la malonda, chifukwa maso ake ali pa makina. Iye akudziwa kuti mukabweza wapindula, mukalephera wapindulabe. Makina amenewo ndi amene amadyetsa banja lanu lero kudzera m'mageti ndi mafelemu, ndipo tsiku limene adzanyamulidwe simudzataya bizinesi ya ndodo yokha, koma ntchito yomwe mwaidziwa kwa zaka. Amisiri ambiri aluso amene lero akugwira ganyu m'mashopu a anzawo anayamba ndi ngongole ya mtundu umenewu, ndipo sindikufuna kuti inu muwonjezere chiwerengero chawo. Ngongole yolipira pamwezi imayenera malonda amene ndalama zake zimabwerera pa masiku ochepa, monga a tomato kapena usipa. Chinthu chatsopano, chimene simunachipangepo ndipo simukudziwa liwiro lake pamsika, sichipangidwa ndi ndalama zoterozo, kaya paipi yake ndi ya chitsulo chanji.

Mawu akuti "anthu ambiri amandifunsa" ndawamva kambirimbiri, ndipo kufunsa si oda. Ndi angati anafunsa mwezi watha? Ndi angati anatchula ndalama zimene angalipire? Ngati simunalembe, yambani lero kulemba dzina la mudzi wa wofunsa aliyense, tsiku ndi mtengo umene wanena.

Chimene ndikanachita ndikanakhala inu ndi ichi. Tengani phindu la mageti awiri kapena atatu, mugule mapaipi a aluminiyamu okwanira mapeyala asanu. Musanadule, funsani mtengo wa ndodo zakunja m'mafamase a m'tauni, chifukwa umenewo ndiye malire amene simungawadutse, ndiponso funsani komwe mungapeze mphira wa pansi ndi pulasitiki yogwira mkono, zomwe m'kalata yanu simunazitchule koma popanda izo ndodo imaterera. Ndodo yoyamba muiyese poisenzetsa matumba atatu a simenti, omwe ndi makilogalamu 150, kenako muipititse kwa ogwira ntchito yolimbitsa mafupa ndi minofu kuchipatala kuti akuuzeni ngati miyeso yake ili yoyenera, pakuti ndodo yothyoka imavulaza munthu wovulala kale ndipo mlandu wake udzakhala wanu. Akaivomereza, yendani nayo m'mafamase, m'zipatala za mishoni ndi kumabungwe othandiza anthu aulumali, mupemphe oda yolembedwa ndi theka la ndalama patsogolo. Mlamu wanu mumuthokoze, ndipo ngati akufunadi kuthandiza, akutumizireni mphira ndi zogwirira m'malo mwa titaniyamu. Wakatapila uja mumuuze sabata ino kuti mwasintha maganizo, makina asanachoke pakhomo.