Za njinga ya m'madzi ija mukufuna amayi azipalasa

Asisi funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma bandulo inandithera, nde ndikuyankheni pano. Mwati amayi mawondo akuwasowetsa mtendere, ali ndi BP, kusambira satha, ndipo mwaona pa Facebook azimayi akupalasa njinga mu swimming pool nde mukufuna mudziwe ngati nzabwinobwino komanso ngati owotcherera angakupangireni pa njinga yakale. Ine ndinaipalasapo miyezi ingapo ndili ku Johannesburg.

Za owotchererazo ayi chonde, ngakhale atakuuzani kuti palibe chimawakanika. Njinga zenizenizo zinatchuka ku Italy ndi ku France, amapangira stainless steel ya mtundu wa 316L yomwe sichita dzimbiri msanga, zilibe tcheni zilibe girizi, kunsi kuli mphira kuti zisamaterereke kapena kuswa matailosi. Ya kabaza mukaiviika mu kolorini posachedwa ndi dzimbiri lokhalokha, girizi ali yandeyande pamwamba pa madzi, kenako kachitsulo kakuthwa kawacheka amayi pa msongolo, khungu loti lanyowa silichedwa kung'ambika.

Ubwino wake ulipodi. Madzi akafika mchiuno mawondo amasenza pafupifupi theka chabe la kulemera kwa thupi, akafika pachifuwa zimacheperanso, pomwe miyendo ikugwirabe ntchito zedi poti madzi ndi olemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya. Koma nkhani yagona pomwe mwaiika njingayo. Pakhale pakuya mita 1.1 mpaka 1.4, akakhala pa chishalo madzi aziwafika pakati pa mchombo ndi chifuwa osati mkhosi, ndipo pansi pakhale pofanana, ma pool ambiri am'malojimu pansi pake mpotsetsereka kulowera kozama nde njinga imapendekeka munthu osadziwa. Chishalo chikhale mulingo wa chiuno akaima pambali pake, pedulo ikafika pansi bondo likhale lopindikako pang'ono. Avale nsapato za m'madzi, osati mapatapata, ndipo malamba a pedulo asamange kwambiri kuti phazi lizituluka msanga.

Tsono za BP zo ndi zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri. Madzi amafinya miyendo nkukankhira magazi ambiri ku mtima, akakhalanso ozizira misempha imapanikizika BP nkukwera. Zomba yathuyi mukuidziwa June ndi July, chifunga chikamatsika ku Chawe madzi a mu pool yopanda chotenthetsera amachita kuluma mafupa, pomwe masewerawa amafuna madzi a madigiri 28 mpaka 30. Nde ayambe kaye aonana ndi adokotala awo kapena a physio, aja a mafizo, ku chipatala cha Zomba Central, awauze mankhwala onse amene akumwa. Akaloledwa ayambe ndi mphindi 10 kapena 15 masana dzuwa litakwera, azipalasa moti akutha kucheza nanu, mawu akayamba kuduka ndi befu achepetse. Kupweteka pachifuwa kaya chizungulire, atsike pompo. Botolo la madzi akumwa likhale pafupi, m'madzimo munthu umatuluka thukuta koma sudziwa, ine tsiku lina ndinatuluka mothamanga osamwa kanthu mutu unangoti zungulu ndinakhala pansi pa masitepe ngati mwana.

Poti satha kusambira asalowe okha olo tsiku limodzi. Pakhale munthu wodziwa kusambira woti maso ali pa iwo, osati mdzukulu amene ali bize pa TikTok. Munthu akamamira sakuwa ngati m'mafilimu, amangoti zii, ndipo madzi ofika mchiuno amakwana kumiza munthu wamkulu akaterereka nkuchita mantha. Nthawi ya dzinja mukangomva kugunda kwa bingu tulukani, dikirani mphindi 30 chigundire komaliza. Madzi akakhala obiriwira kapena simukuona pansi bwererani, chimodzimodzi ngati ali ndi bala kapena atsegula m'mimba. Awo alemba kuti mungopita nawo ku Chilwa kapena mu Likangala asakupusitseni, kumeneko mukatengako likodzo.

Njingayo ikapanda kupezeka musadandaule, angoyenda m'madzi ofika mchiuno atagwira m'mbali mwa pool, kupita nkubwera, mawondo amapepukidwa chimodzimodzi ndipo simulipira owotcherera olo 1 tambala.