App ikudya RAM mpaka kudzitsekera yokha, vuto lili pa mastring a JNI

Funso: Akulu, ndili ndi app ya Android ya Kotlin yomwe imatumiza mastring ku library ya C kudzera pa JNI (njira yolumikizira code ya Java kapena Kotlin ndi ya C). Imayamba bwinobwino koma ikagwira ntchito kanthawi foni imalemera kenako app imangodzitsekera. Pa Profiler (chida cha Android Studio choonetsa momwe app ikudyera memory) Java heap, memory ya mbali ya Kotlin, ili phee. Chikudya memory nchani?

Yankho: Achimwene, ku Java heap musavutikeko, yang'anani mzere wa Native, womwe ndi memory ya mbali ya C, pa Profiler yomweyo, ndikukhulupirira kuti ukungokwera osatsika. Garbage collector, yemwe amamasula memory yosagwiranso ntchito, amasesa nyumba yake yokha, Java heap, za ku C sizimukhudza, ndiye chilichonse chomwe chatengedwa mbali imeneyo mwini wake ndinu.

Tsegulani fayilo yanu ya C musake GetStringUTFChars, function yomwe imapatsa C kopi ya string yochokera ku Kotlin. Iliyonse ikuyenera kukhala ndi mnzake ReleaseStringUTFChars womasula kopiyo, ndipo pomwe anthu ambiri amagwera mpakati pa function, pali ka if koona error kenako return pompo, Release ali pansi uko sanafikidwe, ndiye string iliyonse yodutsa njira imeneyo imasiya kopi yake mu RAM mpaka Android itopa nkuipha app. Pa mafoni a RAM ya 2GB izi sizichedwa. Ngati muli pa C++ ikani Release mu destructor (function yomwe imaitanidwa yokha object ikatha ntchito) ya ka class kakang'ono, ine ndimaona kuti ndi njira yokhayo yomwe munthu sungaiwale. Komanso mukapanga Release pointer ija yafa, ngati library ikufuna kuisunga ikopereni kaye ndi strdup.

Pobwerera, string ikamachoka ku C kupita ku Kotlin, napo pali nkhani. NewStringUTF imakopera mawuwo, sikuti imatenga pointer yanu kukhala yake ayi, ndiye ngati char* inachokera ku malloc muitane free mukangomaliza. Koma werengani header ya library kaye, malibrary ena amabweza buffer yawoyawo ya static, ena ali ndi function yawo yomasulira, mukaponya free pamenepo ndi crash nthawi yomweyo.

Mukamapanga mastring ambiri mu loop muzichotsa ndi DeleteLocalRef, chifukwa string iliyonse yopangidwa ndi NewStringUTF imatenga local reference, ndipo Android isanafike 8.0 malocal reference anali ndi malire.

China chomwe simunafunse koma chidzakupezani: JNI imagwiritsa Modified UTF-8, kasungidwe ka zilembo kosiyana pang'ono ndi UTF-8 wamba. Chilembo ngati ŵ chimadutsa bwino, koma emoji imatuluka mabyte 6 pomwe library ya C ikudikira 4. Ngati anthu azilemba okha mu app, sinthani string kukhala ByteArray ku Kotlin konko ndi toByteArray, ku C kupite mabyte ndi length yake.