Kupalasa njinga kuchoka ku Nsanje kukalowa m'Mozambique: kogona ukakupeza kuti?

Mwerengi wina wa ku Ngabu watilembera kuti: "Ndikufuna kupalasa njinga mpaka ku Beira, koma ndalama za malo ogona tsiku lililonse ndilibe. Kodi anthu akumudzi osandidziwa angandilandire? Nanga ndinyamule chiyani?"

Adzakulandirani achimwene, koma zimatengera mmene mwafikira. Tiyambe ndi njira. Mudzatulukira pa Marka n'kudinditsa pasipoti pa Vila Nova da Fronteira. Musatsatire tinjira todutsa anthu a m'malire, chifukwa apolisi akutsogolo amafuna kuona chidindo. Kuchoka apo mulunjika ku Mutarara, muwoloke Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, mufike ku Sena, kenako Caia. Chisena chomwe mumamva pamsika wa Bangula chikuthandizani dera lonseli. Kupitirira Caia midzi imayamba kutalikirana, ndiye mudzi uliwonse muzifunsa kuti mjigo wotsatira uli pati.

Lekani kupalasa cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa likadalipo. Munthu wofika mumdima amaoneka ngati wakuba kapena wothawa mlandu. Musagogode pakhomo loyamba lomwe mwaliona. Funsani kwa amfumu, amene kumeneko amawatchanso régulo. Tsikani panjinga mukadali kunja kwa bwalo, vulani chipewa, khalani pansi, mudikire kulonjeredwa. Nenani kwanu, mfumu ya kwanu, kumene mukupita, ndiponso kuti mawa m'mawa munyamuka. Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri: mlendo ndi mame, ndipo wokulandirani amamasuka akadziwa kuti ndi usiku umodzi basi. Amfumu akakusankhirani khomo, mudzi wonse umadziwa kuti muli m'manja mwawo. Pakhomo pomwe bambo wake wachoka musagonepo, mungamusiyire mayiyo mlandu.

Musatulutse ndalama pofika, zimakhala ngati mwawayesa ogulitsa. Muzikhala ndi shuga theka la kilo, mchere, sopo ndi masamba a tiyi m'timapepala tosiyana, ndipo muwapatse mayi a pakhomo potsazika, mukunena kuti takhuta, kutanthauza zikomo m'Chisena. Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi nkhuku. Banja losauka likhoza kupha nkhuku yake yomaliza chifukwa cha inu, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikakhala zopanda kanthu. Fulumirani kunena kuti ndiwo zilizonse zomwe zilipo zikwana, kapena tulutsani usipa wanu uphikidwe pamodzi. Nsima ikakhala ya mapira kapena mchewere, idyani osafunsafunsa. Njinga pemphani igone m'nyumba. Neti ya udzudzu mangani yanu, ndipo posamba funsani eni mudzi, chifukwa Zambezi ndi Shire n'chimodzimodzi pa nkhani ya ng'ona.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo nthawi ya mvula msewu wafumbi umasanduka matope omata mawilo. Nyamukani 5 koloko, pumani pamthunzi kuyambira 11 mpaka 2 koloko. Makilomita 60 kapena 70 patsiku ndi okwanira. Madzi musachepetse malita 6, muziwathira mankhwala ophera tizilombo, ndipo Thanzi ORS asasowe m'thumba.

Njinga yakabaza kapena ya mawilo a mainchesi 26 ndiyo yabwino, popeza zipangizo zake zimapezeka pamsika uliwonse. Katundu wapakaliyala asapose makilogalamu 20. Akapitirira, masipoko akumbuyo amayamba kuduka mbali ya fuliwilo, ndipo ikaduka imodzi zoyandikana nazo zimalemedwa, wilo limapindika. Tengani masipoko 6, machubu awiri, mpope, zigamba, guluu, sipanala, pulayala ndi oyilo wa tcheni. Minga ya mthethe ndiyo imaboola kwambiri: dulani tayala lakale, muchotse waya wa m'mphepete, mulilowetse pakati pa chubu ndi tayala latsopano. Chigamba chikamatuka padzuwa, nthawi zambiri vuto ndi kufulumira. Palani chubu, pakani guluu pang'ono, dikirani mphindi 5 aume, kenako matani. Musanabwezere chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala mupeze munga womwe unaboola.

Ndalama ya kumeneko ndi metikali. Sinthirani pamalire, ndipo mupemphe zing'onozing'ono, chifukwa wogulitsa mandasi kumudzi sakhala ndi tchenji.