Kodi Mafilimu Oseketsa a Baseball Angatiphunzitse Mbiri Yake?

Mmodzi mwa owerenga anandilembera pa imelo kuti waonera mafilimu angapo oseketsa onena za baseball (masewera omenya mpira woponyedwa ndi ndodo) ya makedzana, ena mwa iwo opangidwa ndi ndalama zochepa, ndipo akufunsa ngati angawadalire pofuna kudziwa mmene masewerawa analili ku America. Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Yankho langa ndi lakuti musawadalire pa mayina ndi madeti, koma musawataye.

Tiyambe ndi filimu yopanda mawu yotchedwa Headin' Home, yomwe inatuluka mu 1920, chaka chimene wosewera wotchuka Babe Ruth anamenya ma home run 54 (kumenya mpira patali moti womenyayo amazungulira bwalo lonse n'kupeza chigoli) atangosamukira ku timu ya New York Yankees kuchokera ku Boston Red Sox. Eni filimuyo anaipanga mothamanga pofuna kudyerera kutchuka kwake, ndipo Ruth mwiniyo ndiye anasewera. Amamuonetsa ngati mnyamata wofatsa wa kumudzi, wokhala ndi mayi ake, wodzisemera yekha ndodo yomenyera mpira. Zoona zake n'zakuti anakulira mumzinda wa Baltimore, ndipo mu 1902, ali ndi zaka 7, makolo ake anakamusiya kusukulu ya St. Mary's, komwe ankalera ana ovuta ndi amasiye. Pamenepa filimuyo inanama poyera.

Imene ndimaikonda ndi The Bingo Long Traveling All-Stars & Motor Kings ya mu 1976, yotsogoleredwa ndi John Badham, momwe muli Billy Dee Williams, James Earl Jones ndi Richard Pryor. Nkhani yake ndi yopeka ndithu: osewera akuda a mu 1939 atopa ndi kudyeredwa masuku pamutu ndi eni matimu, ndiye akuyambitsa timu yawoyawo yoyenda m'tauni ndi m'tauni. Komabe nthabwala zake zili ndi mizu yeniyeni. Pa nthawiyo anthu akuda sankaloledwa m'maligi akuluakulu, n'chifukwa chake Rube Foster anakhazikitsa Negro National League mu 1920, ndipo matimu oyendayenda ankadya zimene apeza pachipata tsiku limenelo. Kuti anthu abwere, ankayenera kuwasangalatsa. Timu ya Indianapolis Clowns inkatchuka ndi kusewera popanda mpira n'komwe: wina aponya mphepo, wina amenya, wina adzigwetsa pansi kuti awakhe, mwaliwiro moti oonera ena ankakhulupirira kuti mpirawo ulipo. Satchel Paige, katswiri woponya mpira amene khalidwe la Bingo, mtsogoleri wa timu ya m'filimuyo, linatengera kwa iye, nthawi zina ankauza anzake a kumbuyo kuti achoke pamalo awo, iye n'kutulutsa womenyayo yekha pomuponyera mipira yomwe ankalephera kuimenya.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti amuna aluso chotere ankafunika kuseketsa kaye anthu asanawaone luso lawo. Filimuyo siibisa zimenezi, ndipo imathera pomwe wosewera wachinyamata akutengedwa ndi timu ya azungu, zomwe zikukumbutsa za Jackie Robinson, wosewera wakuda amene analowa timu ya ligi yaikulu ya Brooklyn Dodgers mu 1947. Ngati mukufuna poyambira, yambirani imeneyi, kenako mukawerenge za Paige ndi Josh Gibson, katswiri wina wa m'maligi a anthu akuda.